Mkonono ndi mafuta m'chiwindi: mmene mungayezere zonse ziwiri ndi zoyenera kuchita

Anthu ambiri amamva za mafuta m'chiwindi mwangozi. Munthu wapita kukaunikidwa m'mimba chifukwa cha vuto lina, wounika n'kulemba kuti chiwindi chikuwala kuposa impso yakumanja, dokotala n'kunena kuti achepetse zamafuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Funso limene silifunsidwa kawirikawiri m'chipinda chimenecho n'lakuti: kodi usiku mumagona bwanji? Chimodzimodzinso bambo amene mkonono wake umamveka mpaka kubwalo. Akadandaula za kusinza masana, palibe amaganiza zomuyeza chiwindi. Koma matenda awiriwa amayendera limodzi, ndipo amene wapezeka ndi amodzi ayenera kuyezetsa enawo.

Zimene zimachitika pakhosi ndi m'chiwindi

Kubanika kutulo, kumene achipatala amati sleep apnea, kumachitika minofu ya pakhosi ikafooka munthu ali mtulo. Lilime ndi mnofu wofewa wa kumbuyo kwa mkamwa zimagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya. Chifuwa chimayesa kukoka, koma mpweya sudutsa. Achipatala amawerenga kuti munthu wabanika kamodzi ngati mpweya waima kwa masekondi 10 kapena kuposa. Okosijeni wa m'magazi, amene mwa munthu wabwinobwino amakhala pa 95 mpaka 100 peresenti, amatsika kufika m'ma 80, mwinanso kutsikirapo. Ubongo umadzidzimuka, munthu n'kukoka mpweya mwaphokoso ngati wotsamwa, n'kugonanso osadziwa kuti anadzuka. Kubanika kokwana 5 mpaka 14 pa ola ndi kochepa, 15 mpaka 29 ndi kwapakati, 30 kapena kuposa ndi koopsa. Munthu wobanika ka 30 pa ola akagona maola 7 ndiye kuti wabanika koposa ka 200 usiku umodzi.

Chiwindi chimavutika nazo kuposa ziwalo zambiri chifukwa cha mmene chimalandirira magazi. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi olowa m'chiwindi amachokera m'matumbo, ndipo amafika atataya kale okosijeni wambiri. Maselo amene ali kumapeto kwa njira ya magaziwo amakhala ndi mpweya wongokwanira ngakhale munthu ali bwino. Okosijeni akamatsika ndi kukwera usiku wonse, maselo amenewa ndiwo amayamba kuvulala, ndipo ndi malo omwewo amene mafuta ndi zipsera zimayambira kwa akuluakulu.

Kudzidzimuka kulikonse kumatulutsanso mahomoni a mantha, monga adrenaline. Mahomoniwa amakweza BP, amachititsa mafuta a pamimba kusungunukira m'magazi n'kupita kuchiwindi, komanso amachititsa thupi kusamvera insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Insulini akachuluka m'magazi, chiwindi chimayamba kupanga mafuta ake kuchokera ku shuga. Ndiye mafuta akulowa kuchokera pamimba, ena akupangidwa momwemo, maselo akutupa chifukwa cha kusowa mpweya. Kutupako kukapitirira zaka, chiwindi chimachita zipsera, zimene amaziika m'magawo kuyambira F0 mpaka F4. Pa F4 chiwindi chauma, ndiye cirrhosis imeneyo.

Kunenepa ndi muzu wa matenda onse awiri, n'zoona. Koma kafukufuku wa anthu onenepa amene anatengedwa kachidutswa ka chiwindi wasonyeza kuti amene okosijeni wawo amatsika kwambiri usiku amakhala ndi kutupa ndi zipsera zochuluka kuposa anzawo olemera mofanana nawo. M'mapepala a kuchipatala mungaone dzina lakale lakuti NAFLD kapena latsopano lakuti MASLD, limene linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2023. Ndi matenda amodzimodzi: mafuta opitirira 5 peresenti m'chiwindi mwa munthu wosamwa mowa wambiri.

Yambani kunyumba, ndi tepi ya telala

Wodwala sadzimva yekha, choncho mboni yoyamba ndi amene amagona naye chipinda chimodzi. Mayi akunyumba kapena bambo akunyumba akhale maso kwa mphindi 30 wodwalayo atagona tulo tofa nato, makamaka cha m'bandakucha kapena atagona chagada. Chofunika kumva si kukula kwa mkonono. Mvetserani kaduka-duka wake: mkonono, kenako zii, chifuwa chikugwedezeka koma kukamwa kulibe mpweya, kenako kufwenthera kwamphamvu. Werengani masekondi a zii ameneyo pa wotchi ya foni. Jambulani mawuwo kwa mphindi 10 kapena 15 kuti dokotala akamve yekha. Amene amagona yekha asiye foni ikujambula pafupi ndi pilo.

Kenako yankhani mafunso 8 a STOP-BANG, amene anakonzedwa ku Toronto mu 2008. Funso lililonse loyankhidwa kuti inde ndi mfundo imodzi. Kodi mkonono wanu umamveka chitseko chili chotseka? Kodi mumatopa kapena kusinza masana kawirikawiri? Alipo anakuonani mukusiya kupuma kutulo? Muli ndi BP yokwera kapena mumamwa mankhwala ake? BMI yanu (kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu) yapitirira 35? Zaka zanu zapitirira 50? Khosi lanu lapitirira masentimita 40? Ndinu mwamuna? Mfundo 0 mpaka 2 ndiye chiopsezo n'chochepa, 3 kapena 4 n'chapakati, 5 kupita m'mwamba n'chachikulu.

Khosi muliyeze mutaimirira, tepi idutse m'munsi pang'ono mwa kholingo, osathinitsa. BMI mumaipeza pogawa makilogalamu anu ndi msinkhu wanu wa m'mamita wochulukitsidwa ndi womwewo: munthu wa makilogalamu 92 wotalika mamita 1.70 agawe 92 ndi 2.89, apeza 31.8. Pa za chiwindi, muyezo wa pamimba ndi wofunika kuposa sikelo. Tepi idutse pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutangotulutsa mpweya, osati pamene pamadutsa lamba wa thalauza, chifukwa ambiri amamanga lamba kunsi kwa mimba n'kumadzinamiza. Masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi ndiwo malire. Njira yachidule: pamimba pasapitirire theka la msinkhu wanu.

Zizindikiro zina zimene anthu saziganizira: kudzuka kukakodza kawiri kapena katatu usiku, mutu kuwawa m'mawa n'kusiya wokha dzuwa likakwera, kukamwa kouma podzuka, ndi BP yosatsika ngakhale munthu akumwa mitundu itatu ya mankhwala. Amayi ambiri sadandaula za mkonono, amangoti sagona bwino ndipo thupi ndi lolemera, makamaka akasiya kusamba. Woyendetsa minibasi kapena thiraki amene amasinza pa M1 popita ku Dedza kapena ku Kasungu asadikire kuwerenga mfundo. Asiye kaye maulendo ataliatali mpaka ataonana ndi dokotala.

Zokapempha kuchipatala

Tengani buku lanu lakuchipatala, mawu ojambulidwa aja ndi miyezo yanu. Ngati muli mu Lilongwe, mungayambire pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu, monga cha ku Area 18 kapena Area 25, kapena ku Bwaila, ndipo akaona kuti pakufunika madokotala aakulu adzakutumizani ku Kamuzu Central Hospital. Pemphani kuti ayeze ALT ndi AST (zimene zimakwera m'magazi chiwindi chikavulala), full blood count kuti muone ma platelet (tizigawo ta magazi tothandiza kuti aundane), shuga wa m'mawa musanadye kapena HbA1c (muyezo wa shuga wa miyezi itatu yapitayo), mafuta a m'magazi, komanso sikani ya m'mimba. Pokapanga sikaniyo musadye kwa maola 6 mpaka 8.

Kuno kwathu sibwino kunena kuti vuto ndi mafuta basi musanachotse zina zimene zimawononga chiwindi. Hepatitis B ndi yofala, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti amene anabadwa chakacho chisanafike ambiri sanabayidwe ali ana. Kuyeza kwake, HBsAg, n'kwa dontho la magazi chabe. Amene anakulira kunyanja kapena m'madambo a mpunga atchule zimenezo, chifukwa likodzo la m'matumbo limaumitsa chiwindi mwa njira yakeyake. Tchulani mankhwala onse amene mukumwa: a TB, ma ARV, a khunyu, ndi azitsamba omwe. Amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir ndipo aona thupi likukwera asasiye mankhwala. Akambirane ndi achipatala chawo za kunenepako.

Pali misampha iwiri. Woyamba: ALT ikhoza kutuluka bwinobwino chiwindi chili ndi zipsera kale, choncho zotsatira zabwino za ALT zisakugonetseni tulo. Wachiwiri: sikani wamba imaona mafuta pokhapokha atachuluka, cha m'ma 20 mpaka 30 peresenti, ndipo siiona bwino zipsera zoyambirira. Choopsa kwambiri pa chiwindi si mafutawo koma zipsera, ndiye funso lenileni n'lakuti zipserazo zafika pati.

Kuwerengera FIB-4 pa foni

Pali masamu osavuta otchedwa FIB-4 amene amangofuna zaka zanu, AST, ALT ndi ma platelet. Chulukitsani zaka ndi AST. Padera, pezani square root ya ALT n'kuichulukitsa ndi ma platelet. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri. Tiyerekeze bambo wa zaka 48, AST 45, ALT 64, ma platelet 200. Zaka ndi AST zikupereka 2160. Square root ya 64 ndi 8, kuchulukitsa ndi 200 ndi 1600. Kugawa 2160 ndi 1600 kukupereka 1.35.

Pansi pa 1.3 ndiye kuti zipsera zazikulu n'zokayikitsa. Pamwamba pa 2.67 munthu aonedwe ndi dokotala wa chiwindi mosachedwa. Pakati pa ziwirizi, monga bambo wathuyu, pakufunika kuyeza kwina kotchedwa FibroScan, kumene kumayeza kulimba kwa chiwindi. Zotsatira za FibroScan zikakhala pansi pa 8 kPa n'zolimbikitsa. Kwa a zaka 65 kupita m'mwamba malire a pansi a FIB-4 ndi 2.0, ndipo kwa osakwana zaka 35 masamuwa sadalirika.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa m'dziko la malungo. Malungo amagwetsa ma platelet, momwemonso kapamba wotupa ndi HIV yosalandira mankhwala. Bambo yemwe uja atayezetsa sabata imene wadwala malungo, ma platelet ali pa 110, FIB-4 yake ingatuluke 2.45, n'kuchita mantha pachabe. Yezetsani muli bwino, patadutsa milungu ingapo chichirireni, ndipo musakhale mutagwira ntchito yolemetsa kwambiri dzulo lake, chifukwa minofu yotopa imakweza AST.

Kutsimikiza za kubanika kumafuna kuyezedwa usiku wonse, kaya m'chipatala ndi mawaya a kumutu ndi pachifuwa, kaya ndi kamakina kopita nako kunyumba kokhala ndi kapaipi ka m'mphuno, lamba wa pachifuwa ndi kopanira chala. Kumene zimenezi sizikupezeka, oximeter (kopanira chala koyeza okosijeni wa m'magazi) yosunga zotsatira za usiku wonse imathandiza kuona kuti okosijeni watsika kangati. Ka oximeter wamba kamene ambiri anagula nthawi ya Covid-19 sikasunga kanthu, kamangoonetsa za nthawi yomweyo. Dziwaninso kuti pa khungu lakuda timakinati nthawi zina timaonetsa nambala yokwera pang'ono kuposa yeniyeni, ndipo penti wa m'zikhadabo ndi zala zozizira za mu June zimasokoneza. Oximeter ikaonetsa kutsika kobwerezabwereza, ikhulupirireni. Ikapanda kuonetsa kanthu koma zizindikiro zilipo, nkhani sinathe.

Chimene chimachiza zonse ziwiri

Kuchepetsa thupi ndiye mankhwala okhawo ogwira pakhosi ndi pachiwindi nthawi imodzi, ndipo manambala ake ndi odziwika. Kutsitsa 3 mpaka 5 peresenti ya kulemera kwanu kumachepetsa mafuta m'chiwindi. Pa 7 mpaka 10 peresenti kutupa kumachepa. Kuyambira pa 10 peresenti zipsera zimatha kubwerera m'mbuyo. Kafukufuku wa ku Wisconsin wa mu 2000 anapeza kuti kutsika ndi 10 peresenti kumachepetsa kubanika ndi pafupifupi 26 peresenti, pamene kukwera ndi 10 peresenti kumakuwonjezera ndi pafupifupi 32 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 92, cholinga ndi makilogalamu 6 mpaka 9, pa liwiro la theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata. Kudzimana chakudya kuti muonde msangamsanga kumatha kuwonjezera kutupa kwa chiwindi ndi kubweretsa timiyala m'ndulu.

Langizo lakuti "chepetsani zamafuta" limasocheretsa pang'ono, chifukwa mdani wamkulu ndi shuga wa m'zakumwa. Botolo la chakumwa chozizira la 330 ml limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, amene ndi masupuni a tiyi 9. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 50 pa tsiku, ndipo 25 ndiye abwino koposa. Onjezani masupuni atatu a mu tiyi wa m'mawa, atatu ena a mu tiyi wa ku ofesi, Sobo wa pa nkhomaliro ndi thobwa lothira shuga, muona kuti malire mwawadutsa dzuwa lisanapendeke. Theka la shuga ameneyu ndi fructose, amene amapita molunjika kuchiwindi n'kusanduka mafuta. Yambirani apa: zakumwa zotsekemera zichoke, shuga wa mu tiyi atsike supuni imodzi sabata iliyonse mpaka atatha. Chipatso chodya chathunthu chilibe vuto. Juwisi ndiye ayi.

Nsima musaisiye, palibe amene angapirire zimenezo. Amene amadya mitanda itatu abwere pa iwiri, kenako umodzi ndi theka madzulo, ndipo mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera. Theka la mbale likhale masamba, kaya nkhwani, bonongwe, chisoso kapena mpiru, kotala ikhale nyemba, nandolo, usipa, mazira kapena nkhuku. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo. Tchipisi cha pachiwaya, mandasi ndi kanyenya wonona zikhale za apo ndi apo. Nsinjiro n'zabwino, koma mtedza ndi chimanga zochita chuku zili ndi poizoni wa aflatoxin amene amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa amene ali ndi hepatitis B. Mtedza wofota, wakuda kapena wowawa utayidwe, usasinjidwe. Khofi wopanda shuga, makapu awiri kapena atatu, amagwirizana ndi zipsera zochepa m'chiwindi, bola amwedwe m'mawa. Chakudya chamadzulo chidyedwe maola atatu musanagone.

Yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, kuti zikwane mphindi 150, pa liwiro loti mutha kulankhula koma osatha kuimba. Kutsika minibasi siteji imodzi musanafike kumakwanira. Kuyenda kumachotsa mafuta m'chiwindi ngakhale sikelo isanasunthe.

Mowa umamenya mbali zonse. Umafooketsa minofu ya pakhosi ndi kugonetsa ubongo moti umachedwa kudzidzimuka, ndiye kubanika kumatalika. Botolo la 330 ml la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu 13 a mowa weniweni, ndipo kachasu mphamvu yake siidziwika n'komwe. Amene FIB-4 yake yadutsa 1.3 kapena ali ndi hepatitis B ausiye kotheratu. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam, mankhwala a ululu a mtundu wa codeine ndi morphine, ngakhale Piriton womwedwa kuti tulo tibwere, zonsezi zimakulitsa kubanika. Mankhwala a m'mabotolo ogulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp akuti "otsuka chiwindi" alekeni. Chiwindi sichitsukidwa, ndipo ena mwa iwo ndiwo amachivulaza. Koma mankhwala a cholesterol a mtundu wa statin amene dokotala walemba sayenera kusiyidwa chifukwa cha mafuta m'chiwindi, pakuti ambiri odwala matendawa amafa ndi mtima ndi sitiroko, osati chiwindi.

Ambiri amabanika kwambiri akagona chagada. Sokererani kathumba kumsana kwa T-shirt yakale, pakati pa mapewa, muikemo mpira wa tenesi kapena chitsononkho chokulunga m'sokosi. Mukatembenukira chagada chidzakubwezani cham'mbali. Ikani njerwa pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu kuti ikwere masentimita 10 mpaka 15. Kuunjika mapilo kumapinda khosi, sikuthandiza. Mphuno zotsekeka ndi fumbi kapena chimfine chosatha zichizidwe, ndipo fodya asiyidwe.

Za CPAP

Kwa amene kubanika kwawo n'kwapakati kapena koopsa, chithandizo chachikulu ndi makina a CPAP, amene Colin Sullivan anayamba kuwagwiritsa ntchito ku Sydney mu 1980. Si makina a okosijeni. Amangopopa mpweya wa m'chipinda kudzera m'paipi ndi masiki kuti pakhosi pasatsekeke, pa mphamvu ya pakati pa 4 ndi 20 cmH2O. Kusinza masana kumachepa m'masiku ochepa, maulendo a kukakodza usiku amachepa, BP imatsikako. Koma pa za chiwindi tisanamizane: m'kafukufuku woyerekeza odwala ovala CPAP kwa miyezi ingapo ndi osavala, makinawo paokha sanachotse mafuta m'chiwindi. Chimene amachita n'kuchotsa kutopa kumene kumalepheretsa munthu kuyenda ndi kumuchititsa kufuna zotsekemera masana. Ena akayamba CPAP amanenepa pang'ono, choncho sikelo isaiwalike.

Achipatala amawerenga kuti munthu akugwiritsa ntchito makina ngati awavala maola 4 kapena kuposa pa masiku 7 mwa 10 alionse, koma phindu lenileni lili pa kuwavala usiku wonse, chifukwa kubanika koipitsitsa kumabwera m'tulo ta maloto cha m'bandakucha, nthawi imene ambiri amakhala atavula kale. Masiki akamatulutsa mpweya m'mbali, musathinitse malamba. Avuleni, pukutani mafuta a pankhope, muwakhazikenso mutagona. Akamapwetekabe, saizi yake si yanu. Kudzuka kukamwa kuli gwaa kumatanthauza kuti mukugona kukamwa kuli yasa, ndipo pakufunika lamba wa pachibwano kapena masiki ophimba mphuno ndi kamwa. Amene akuona ngati akutsamwa awavale masana kwa mphindi 20 akuonera TV kwa masiku angapo, ndipo ayatse ramp kuti mpweya uziyamba pang'onopang'ono.

Masiki atsukidwe tsiku lililonse ndi sopo wosanunkhira, paipi sabata iliyonse, ziumire pamthunzi. M'kathanki ka madzi ka makinawo, kopereka chinyezi ku mpweya, thirani distilled water. Madzi a pampopi kapena a pamjigo amasiya zoyera zolimba, ndipo madzi a asidi a batire asayandikire n'komwe. M'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, kasefa ka kumbuyo kwa makina kamada msanga mu Lilongwe muno, ndiye muzikayang'ana sabata iliyonse. Magetsi akathima munthu safa nawo masiki, chifukwa ali ndi timabowo totulutsira mpweya, koma kubanika kumabwerera usiku womwewo. Batire la sola la 12V 100Ah limasunga pafupifupi 1200Wh, ndipo ngati ndi la asidi mugwiritse ntchito theka lokha kuti lisafe msanga. Chotenthetsa madzi a m'kathanki kaja ndicho chimadya magetsi ambiri, choncho chizimitseni mukakhala pa batire, ndipo chingwe cholumikiza makina ku batire mwachindunji chimasunga moto kuposa kudutsira pa inverter. Makina ogula kwa wina kapena otumizidwa ndi achibale a ku Johannesburg amabwera ndi mphamvu ya mwini wake wakale. Dokotala awatchere kaye, ndipo masiki ndi paipi zikhale zatsopano.

Maso achikasu, mimba yodzaza madzi, miyendo yotupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, kapena kusokonezeka mutu n'zofunika kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu wa chiwindi chouma akayamba kugona masana n'kumakhala maso usiku, manja akunjenjemera, achibale asaganize kuti ndi kubanika kuja ndipo asamupatse mapiritsi ogonetsa. Poizoni amene chiwindi chalephera kuchotsa akhoza kukhala atafika ku ubongo.

Amene FIB-4 yake ili pansi pa 1.3 aibwereze pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, koma wa matenda a shuga pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Muyezo wa pamimba ndi kulemera muzilemba m'buku lakuchipatala mwezi uliwonse, tsiku lomwelomwelo, m'mawa musanadye. Thupi likatsika ndi 10 peresenti, bwererani kuti akaonenso mphamvu ya CPAP, chifukwa imene inali yoyenera pa makilogalamu 92 imatha kukhala yochuluka pa 83, n'kumakudzazani mpweya m'mimba.